A Makwinja ndi Galimoto ya Maso Atatu

Mwezi uno chakwana chaka chimwalirire a Yotamu Makwinja. Mwana wawo Esinati, amene ndi nesi muno mu Leicester, wandipempha kuti ndilembe za iwo, pakuti mwa achikulire amene tinkakhala nawo ndatsala ndine. Ndamuuza kuti sukulu ndinalekezera Sitandade sikisi, ndipo kukometsera munthu sindidziwa. Iye wati, "Ankolo, ingolembani zimene munaona." Ndilemba zimenezo.

A Makwinja anali mmisiri wowongola magalimoto. Sanali makaniko. Mukawatchula makaniko ankakuyang'anani ngati mwawaponda chala. Ankati makaniko amachotsa chakufa n'kuikapo chatsopano chochokera m'bokosi, pamene iwo ankatenga chitsulo chokwinyika ngati pepala n'kuchibwezera mmene chinalili. Ntchitoyi anaigwira ku Limbe zaka zoposa makumi anayi. Inawasiyira khutu lakumanja logontha ndi zikhatho zolimba ngati chikopa cha ng'oma. Akazi awo atamwalira, Esinati anawaitanitsa kuno, ndipo anakhala naye ku Braunstone mpaka tsiku lawo.

Ine ndinawadziwira kuno, ku tchalitchi. Kumudzi ndinali dalaivala wa malole, choncho tinali ndi zokambirana. Tinalinso ndi zotsutsana, ndipo zinali zambiri kuposa zokambiranazo.

Kuyenda nawo mumsewu kunali kotopetsa. Galimoto iliyonse yoimikidwa m'mbali ankaima nayo. Ankatulutsa kampango kopukutira thukuta m'thumba, n'kukayala pachikhatho, n'kusisita chitseko kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, maso atatseka. Ankati diso limanamizidwa ndi penti, koma chikhatho ayi. Basi tinaiphonya kangapo chifukwa cha zimenezi. Tsiku lina anasisita galimoto ya mzungu woyandikana nawo nyumba, alamu n'kulira. Mwiniwake anatuluka wopanda nsapato, akukalipa. A Makwinja sanapepese. Anamuuza m'Chingelezi chawo cha ku galaja kuti chitseko chakumbuyo si chitsulo chokha, n'chomata ndi phala lija amati fila, galimotoyo inachitapo ngozi ndipo amene anamugulitsa sanamuuze. Anamutuma akatenge maginito pa filiji. Mzunguyo anakatenga kuti awachititse manyazi. Anaika pachitseko chakutsogolo, maginito anamata. Anaika chakumbuyo, anagwa pansi. Kuyambira sabata imeneyo mzunguyo ndiye ankawatulutsira mabini a zinyalala.

Fila ankadana naye ngati mfiti. Ankati ndi chida cha aulesi, ndipo munthu womata fila m'malo momenya chitsulo angathenso kukwirira mbale yakuda mu ufa. Magalimoto a masiku ano sankawawerengera. Ankati onse akufanana ngati sopo wotsala pang'ono kutha, ndipo ukawamenya nyundo amang'aluka chifukwa theka lake ndi pulasitiki.

Chimene chinawasunga moyo kuno ndi tivi. Pali tchanelo china chimene chimaonetsa mafilimu akalekale, opanda mtundu, tsiku lonse. Akadya nkhomaliro ankakhala pamenepo mpaka Esinati abwere ku ntchito. Mawu ankazimitsa. Ankati azungu a m'mafilimu amenewo amalankhulira m'mphuno, ndipo za amene akufuna kukwatira mnzake iwo alibe nazo ntchito. Ankadikira magalimoto basi. Mpando wawo sankauika moyang'anizana ndi tivi ngati anthu onse. Ankauika chammbali, pafupi ndi zenera, chifukwa mmisiri sayang'ana galimoto kumaso, amaiyang'ana chopendekera kuti aone mmene kuwala kukuyendera pathupi pake. Ndinawauza kuti tivi ndi galasi lafulati, ukakhala kumbali suona china chilichonse. Anandiyankha kuti dalaivala amadziwa galimoto kuchokera pampando umodzi wokha, choncho ndikhale chete.

Anali ndi kope la ana asukulu. Mayina a mafilimu sankalemba, mayina a magalimoto sankawasamala. Ankajambula mzere umodzi wokha, kuchokera pamphuno ya galimoto, kukwera padenga, kutsikira kumbuyo. Mizere yambiri inali ngati mabokosi osanjikizana. Koma mwa apo ndi apo munkapezeka mzere wosalala wopanda ngodya, wonga dzira logonekedwa. Amenewo ndiwo ankawafuna. Ankati nkhondo yachiwiri ya azungu isanayambe, kunali amisiri ochepa amene anazindikira kuti galimoto imakangana ndi mphepo, n'kuyamba kuumba magalimoto oti mphepo izingotsetsereka. Anthu sanawakonde, ankati ndi onyansa, choncho anapangidwa ochepa. Pa chaka a Makwinja ankaona awiri kapena atatu, mwina akudutsa kumbuyo kwa anthu akupsompsonana. Akaona imodzi ankadzuka n'kuloza ndi chala mpaka kukhudza galasi.

Abusa athu anaikapo mapemphero a achikulire Lachitatu masana. A Makwinja sanapite. Abusa atawayendera, iwo anati Mulungu amapezeka ola lililonse, koma galimoto ikadutsa yadutsa. Abusa anati zimenezo n'zachibwana. A Makwinja anawaperekeza mpaka panja, nasisita galimoto ya abusawo, n'kuwauza kuti bampala yakumbuyo anaigunditsa okha pobwerera m'mbuyo, kawiri, malo amodzimodzi. Abusa sanabwerenso Lachitatu.

Komaliza kuwaona kunali ku chipatala, mu Novembala. Chifuwa chinali chitawagwira. Ndinapeza dzanja lawo likuyenda pa kabati yachitsulo ya pambali pa bedi.

"Apa anagunditsa ndi bedi," anatero. "Mukanakhala ndi supuni ndikanakonza."

Tinakamba za kuzizira ndi za mvula yakumudzi. Za galimoto imene tinakanganirana sanatchule. Inenso sindinatchule. Koma tonse awiri tinkadziwa kuti nkhaniyo ili pabedi pomwepo. Anamwalira patapita masiku anayi, ndipo mtembo unapita kwawo ku Chiradzulu.

Nkhani ya galimoto ili motere.

A Makwinja ankanena kuti nthawi ya chitaganya, iwo ali mnyamata wokwatira kumene, pa galaja yawo ku Limbe panabwera galimoto yokokedwa ndi thirakitala. Mwiniwake anali mzungu wokonza makina pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Sanali Mngelezi. Anathawa nkhondo kwawo, dziko lopanda nyanja, ndipo galimotoyo inamutsatira pa sitima kudzera ku Beira. Inaterereka m'matope pamsewu wa Thyolo n'kugunda mtengo ndi kumbuyo. Ankati inali ndi nyali zitatu kutsogolo, yachitatu pakati. Kumbuyo inali ndi chipsepse choimirira ngati cha nsomba. Injini inali kumbuyo, ndipo sinkamwa madzi, inkazizira ndi mphepo yolowera m'mabowo awiri onga makutu. Matayala akumbuyo anali obisika. Ndipo kunsi kwake, ankati, kunali kotsekedwa ndi chitsulo chosalala kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, ngati mimba ya mlamba.

Zipangizo zake kunalibe kozigula. Kapitawo wa pagalaja, Mngelezi, anati galimotoyo yafa. Mwiniwake analira pamaso pa anthu akuda, chinthu chimene a Makwinja anali asanaonepo. Iwo anapempha kuti ayese. Anagona chagada pansi pake masiku awiri akumasula mabawuti a chitsulo chakunsi chija. Chipsepse chinali chitapindika ngati khutu la galu. Anachimenya masabata atatu pa chitsa cha mbawa ndi thumba la mchenga. Ankati chitsulo chimawongoledwa mobwerera: pamene panapindika pomaliza m'pamene umayambira, pamene panagunda poyamba umamalizira. Ukayamba pakati pa bala, chitsulo chimatambasuka ndipo sichibwereranso.

Atamaliza, mwiniwake sanayang'ane n'komwe. Anawakweza kutsogolo, pambali pake, n'kuthamangitsa galimoto pamsewu wa Zomba mawindo otseka. Anati chipsepse chikakhala chokhota ngakhale pang'ono, chiimba mluzu. Anamvetsera onse awiri. Panalibe mluzu. Panalibe ngakhale phokoso la mphepo. A Makwinja ankati tsiku limenelo anamva ngati akhala m'chipinda chimene chikuuluka. Mzunguyo anaimitsa galimoto, nawagwira chanza ndi manja awiri.

Nkhaniyi ankaikamba kawirikawiri, mosasintha mawu. Ine sindinkaikhulupirira. Ndayenda misewu ya Malawi yonse, ndafika Beira, ndafika Harare, ndagona pansi pa magalimoto ochuluka. Galimoto iliyonse kunsi kwake ndi matumbo okhaokha: mapaipi, masipuling'i, shafuti. Yotseka mimba sindinaione.

Chaka chilichonse mu Julaye, a Malawi a kuno timachita phwando la ufulu mu holo yobwereka. Amabwera a ku Corby, a ku Derby, ndi ophunzira a ku yunivesite. Pa phwando lina, titadya, a Makwinja anazunguliridwa ndi anyamata angapo ogwira ntchito m'nyumba zosamalira okalamba, ndipo anayamba nkhani ija. Anyamatawo ankamvetsera bwino. Ine ndinali nditaimva kakhumi. Atafika pa mimba ya mlamba ndinadzuka.

"A Makwinja, musanamize ana," ndinatero. "Ine ndine dalaivala. Galimoto ya maso atatu, yosamwa madzi, ya mchira, yotseka kunsi? Imeneyo si galimoto, ndi nsomba imene munalota mutaledzera ku Bangwe."

Holo yonse inaseka. Mnyamata wina wa ku Corby anakuwa, "Agogo, inkaikiranso mazira?" Anaseka mpaka ena kugwira matebulo. A Makwinja anapinda kampango kawo, nakaika m'thumba, natuluka kukadikira basi. Mowa sankamwa. Ndinkadziwa zimenezo ponena.

Kuyambira tsikulo anthu anayamba kuwatchula a Maso Atatu. Poyamba kumbali, kenako pamaso. Ana obadwira kuno, amene Chichewa amangomva osayankha, anaphunzira mawu awiri amenewo. Munthu akakamba zosakhulupirika ku tchalitchi, ena ankati, "Zimenezo n'za maso atatu." A Makwinja anasiya kutsalira pa tiyi mapemphero akatha. Ine sankandipatsa moni, ndipo ine sindipatsa moni munthu amene sandipatsa moni.

Esinati anayesa kutiyanjanitsa. Lamulungu lina anandiimitsa pakhomo la tchalitchi ndi foni m'manja.

"Ankolo, ndasetcha. Onani. Si iyi? Maso atatu. Mchira uwu. Adadi sananame."

Ndinayang'ana. Inalidi galimoto yotero, itaimikidwa pakapinga kudziko la azungu.

"Chithunzi ndachiona," ndinatero. "Bambo akonso akhoza kukhala kuti anachiona m'magazini ya kapitawo wawo. Kuti inafika ku Limbe ndipo anaigwira ndi manja, foni yako ikunena? Kunsi kwake kuli kuti? Tembenuza tione."

Anafufuza, anafufuza. Zithunzi zonse zinali za kutsogolo, m'mbali ndi kumbuyo. Palibe amene amajambula galimoto kunsi.

"Inu ndi adadi ndinu chimodzimodzi," anatero, naika foni m'chikwama.

Tinakhala chaka ndi theka osalankhulana.

Chaka chija kunagwa chipale chambiri nyengo yozizira ikutha, mabasi n'kuima masiku angapo, Esinati anabwera kwanga atavala yunifolomu. Anati sabata yapitayo bambo ake anamuimbira foni ali pa shifiti, chinthu chimene sankachita. Anaganiza kuti agwa m'bafa. Koma iwo ankakuwa kuti galimoto ija yabwera pa tivi, yabwera, aigwire bwanji? Anawauza kuti adine batani lofiira pa rimoti kuti arekode. Anadina, kenako anazimitsa tivi.

"Sanaionere mpaka lero," anatero Esinati. "Akuti saionera okha. Akuti mukabwere inu. Ndipo akana kuti ndidilite chilichonse, ngakhale kukhudza rimoti. Masiku naini, ankolo, m'nyumba mulibe tivi. Chonde."

Ndinapita mawa lake masana, osati chifukwa cha a Makwinja koma chifukwa cha mwanayo. Ndinawapeza atavala jekete. Pafupi ndi mpando wawo anaikapo mpando wina wa kukhitchini, nawonso chammbali.

"Mwabwera, a Mwale."

"Ndaitanidwa."

"Khalani apo. Musalankhule."

Esinati anayatsa n'kupita kukhitchini. Filimuyo dzina sindilidziwa, pakuti anaigwirira pakati ndipo mawu anali ozimitsa. Inali ya azondi ndi asilikali a zipewa zazitali. Panapita nthawi anthu akungosuta fodya m'zipinda. Kenako panaoneka msewu wa m'mapiri, ndipo pakona panatulukira chinthu chakuda, chachitali, chonyezimira. Nyali zitatu. Chinadutsa, ndipo kumbuyo kunali chipsepse. Kunena zoona, kuiona ikuyenda kunali kosiyana ndi pa foni. Sinkaoneka ngati ikukankhidwa ndi injini. Inkangotsetsereka ngati dontho la madzi pa tsamba la nthochi.

A Makwinja anali ataimirira, chala pagalasi.

"Onani kuwala, a Mwale. Onani mmene kukuyendera. Sikukuduka paliponse."

"Ndaona. Pa foni ndinaonanso."

Patsogolo pake galimoto ija inaima pa mlatho, ikutuluka nthunzi kutsogolo. Woyendetsa, mwamuna wa ndevu zopyapyala, anatsika ndi chigubu, nakatunga madzi mumtsinje, natsegula kutsogolo n'kuyamba kuthira. A Makwinja anamenya ntchafu.

"Chitsiru! Akuthira madzi pa matayala a sipeya! Mmenemo mulibe injini! Nthunziyo aiyatsa okha ndi mbaula! Esinati! Tabwera udzaone mbuzi iyi!"

"Adadi, ndi filimu," anayankha ali kukhitchini.

"Filimu ndiye aziithira madzi? Munthu ameneyu sanaiyendetsepo. Taonani mmene watsekera, ngati akutseka khola."

Ndinaseka. Sindinafune, koma ndinaseka. Iwonso pakamwa panagwedezeka pang'ono. Tikanalekera pamenepo bwenzi zili bwino.

Chakumapeto asilikali aja anayamba kuithamangitsa pa njinga zamoto. Msewu unali wokhotakhota, mbali ina phompho. A Makwinja anakhala pansi. Anayamba kulankhula motsitsa, ngati akulangiza dalaivala, kuti asaponde buleki pakona, kulemera konse kuli kumbuyo, mchira umuzungulira. Dalaivala anaponda. Mchira unazungulira. Galimoto inachoka mumsewu, inagubuduka kawiri pamiyala, n'kugona chagada, matayala akuzungulira m'mwamba. Sichinali chidole. Inali galimoto yeniyeni, magalasi akuthetheka. Wojambula anaiyandikira n'kuima pamenepo nthawi yaitali.

Kunsi kwake kunali kosalala. Chitsulo chimodzi, kuchokera kutsogolo mpaka pafupi ndi injini, mabawuti ali pamzere m'mbali monse. Panalibe paipi, panalibe shafuti. Mimba ya mlamba.

Munthu sangaone zimenezo m'magazini. Amaziona amene anagona pansi pake.

Ndinadikira kuti anditembenukire. Ndinali nditakonzeka kumva chilichonse. Koma iwo sanandiyang'ane n'komwe. Ankayang'ana chipsepse, chimene chinali chitaphwanyikira pamwala.

"Aiphera chiyani?" anatero. "Anali ochepa kale. Aiphera chiyani, kuti anthu odya chimanga chokazinga aombe m'manja?"

Anatenga rimoti nazimitsa. Filimu inali isanathe. Esinati anabweretsa tiyi. Ndinamwa, ndinavala chipewa, ndinapita.

Kwathu munthu wamkulu akalakwira mnzake sachulukitsa mawu, amanyamula nkhuku. Kuno nkhuku yamoyo sungakwere nayo basi. Loweruka lotsatira ndinapita ku shopu ya zakudya za ku Africa ndi kugula nkhuku yolimba ija ya mufiliji, yaikulu kuposa zonse. Ndinaiika patebulo pawo ili m'pepala lake. A Makwinja anaigogoda ndi chala. Inalira ngati thabwa.

"Yafa liti imeneyi?"

"Sindinaifunse."

"Nkhuku yopepesera imabwera ikuyenda, a Mwale. Iyi yabwera ngati njerwa."

"Kuno ndi ku England."

Anaitana Esinati kuti aiphike, ndipo tinadya limodzi. Ndinaganiza kuti nkhani yatha. Posamba m'manja anati:

"Nkhuku ndalandira. Ya m'nyumba muno yatha. Koma simunandinyozere m'nyumba muno. Munandinyozera mu holo, anthu a ku Corby ali pomwepo."

"Ndiye mukufuna chiyani?"

"Chitseko chikagundidwa kumanzere sumenya kumanja. Julaye akubwera."

Kuyambira pamenepo tinabwerera mwakale. Ndinkapita Lachiwiri ndi Lachisanu kukaonera nawo magalimoto. Mpando wa kukhitchini uja sunabwererenso kukhitchini. Filimu ya m'mapiri ija sitinaibwerezenso, ndipo sanalole kuti ifufutidwe. Ku tchalitchi anthu ankawatchulabe a Maso Atatu. Ine ndinasiya, koma sindinaletse aliyense.

Julaye anafika, chaka chotentha chija udzu wa m'mapaki unauma ngati wa kwathu mu Okutobala. A Makwinja anabwera ku holo atavala suti yakuda ndi tayi, thukuta lili kamukamu. Anakhala kutsogolo, khutu lawo lakumva atalozetsa kumene kunali maikolofoni. Titadya, woyendetsa mwambo anati ngati pali wamkulu amene ali ndi mawu, abwere. Anayang'ana kwa ine, chifukwa chaka chilichonse ndinkalankhula. Ndinadzuka. Ndinagwira maikolofoni. Ndinaona mnyamata wa ku Corby uja ali kumbuyo ndi anzake, akumwetulira kale. Ndinalankhula za ulemu kwa makolo, za kuphunzitsa ana Chichewa, ndi za kusunga nthawi. Ndinakhala pansi. Anaomba m'manja.

Chifukwa chake sindichidziwa bwino. Ndili ndi zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, ndipo ndinali ndisananenepo pagulu kuti ndinalakwa. Pakamwa panakana.

Potuluka tinakumana pakhomo. Anali atavula tayi, ataipinda m'manja.

"Mwalankhula bwino, a Mwale," anatero. "Makamaka za kusunga nthawi."



"Chaka chamawa," anawonjezera, napita kokwerera basi.

Lachiwiri lotsatira ndinapita kwawo monga mwa masiku onse, ndipo anandilandira monga mwa masiku onse. Sanaitchulenso nkhaniyo. Novembala ndiye uja ndanena.

Julaye wa chaka chino ndinapita ku holo. Atandipatsa maikolofoni ndinati:

"Zaka zitatu zapitazo, m'chipinda chino, ndinanena kuti a Yotamu Makwinja ndi abodza. Wabodza ndinali ine. Galimoto ya maso atatu inalipo. Inafika ku Limbe. Anaikonza ndi manja awo. Kunsi kwake ndinakuona ndi maso angawa, n'kosalala monga ananenera. Mowa sankamwa. Dzina lawo ndi Makwinja. Lina lija lithere pano."

Ndinabweza maikolofoni. Ambiri anali atsopano, obwera chaka chomwecho, ndipo ndinamva mtsikana wina akufunsa mnzake kuti agogowa akunena za ndani. Mnyamata wa ku Corby uja kunalibe, anati anasamukira ku Scotland. Wina anaomba m'manja kawiri n'kusiya. Kenako anayatsa nyimbo. Esinati yekha ndiye anabwera pamene ndinakhala, nagwada monga amachitira kwathu, nabwerera kukagawa chakudya.

Sabata yatha ndinapita ku Braunstone kukamusiyira mapepala oyamba a zimene ndalembazi. Mzungu woyandikana nawo uja anali akutulutsa mabini, ake ndi a Esinati. M'nyumba tivi ikadali pamalo pake. Esinati akuti amapukuta paliponse kupatula pakona yakumanzere ya galasi, pamene pali zidindo za chala. Pazenera pali kope lija, nyundo yawo yaing'ono ya mutu wozungulira imene anabwera nayo kuchokera ku Limbe, ndi rimoti yomatidwa tepi pa batani lofiira.

"Ankolo, akampani akufuna kusintha bokosi la tivi," anatero. "Akatenga lakaleli, filimu ija ipita nalo. Mukufuna muimalize? Yatsala pang'ono."

Ndinati ayi. Pamene anazimitsira mwiniwake m'pamene inathera.

Mpando wa kukhitchini uja ukadali chammbali, pafupi ndi zenera. Wa a Makwinja palibe. Unali wobwereka kwa a zaumoyo, wa miyendo yaitali kuti asamavutike podzuka, ndipo eniake anadzautenga maliro atangotha. Pamene unali patsala maenje anayi pa kapeti. Esinati wayesa burashi, wayesa nthunzi ya ayironi, sakudzuka. Iye atapita kukhitchini ndinawerama, ndinayala kampango pachikhatho, ndinasisita. Akuya kwambiri ndi awiri akutsogolo. Munthuyo sankatsamira.